Arthur Elliott (1870–1938): Wojambula wa ku Long Street ndi Malonda a Zithunzi Zotsuka Pamanja

M'nyumba yosungiramo zolembedwa zakale ya chigawo cha Western Cape, mu msewu wa Roeland mu mzinda wa Cape Town, muli zithunzi pafupifupi 10,000 zimene nambala zake zimayamba ndi lemba E. Lembali likuimira dzina la Arthur Elliott, mlendo wochokera ku America amene adakhala zaka 38 akujambula nyumba zakale za ku Cape ndi kugulitsa zithunzi zimene ankatsuka ndi manja ake. Akatswiri a mbiri ndiponso omanga nyumba adalemba zambiri za munthuyu. Akatswiri a ziyankhulo za Chibantu sadamulabadire kwenikweni, ndipo chifukwa chake nchosabisika: sadalembe galamala, sadasonkhanitse mawu a mtundu uliwonse wa anthu, ndipo chidwi chake chidali pa makoma opaka njereza ndi madenga a udzu a Azungu oyamba a ku Cape. Komabe aliyense amene amagwiritsa ntchito zithunzi zakale ngati umboni wa m'mene anthu ankakhalira ndi m'mene ankayankhulira ayenera kudziŵa kuti zithunzizo zidapangidwa motani, ndiponso kuti adazilipira ndani. Moyo wa Elliott ukuyankha mafunso aŵiriŵa momveka bwino kuposa moyo wa ojambula ena ambiri a nthaŵi yake.

Mbiri ya ubwana wake idafika kwa anthu kudzera m'zimene iye mwini ankasimbira anzake, zimene Conrad Lighton adazisonkhanitsa m'buku lofotokoza moyo wake m'chaka cha 1956. Adabadwira ku New York m'chaka cha 1870, makolo ake adali ochokera ku Scotland, ndipo adasanduka mwana wamasiye ali ndi zaka ngati 12. Adagwira ntchito m'sitima za pamadzi, nafika ku Britain ndi ku India, kenaka adatsikira ku South Africa ali ndi zaka pafupifupi 20. Ku Johannesburg, mzinda umene pa nthaŵiyo udali usanakwanitse ngakhale zaka khumi chiukhazikitsire, adayesa ntchito zosiyanasiyana: kugulitsa makina oimba nyimbo amene adali makolo a galamafoni, kupenta nsalu zokongoletsa bwalo la zisudzo, ndi kuthandiza kuyendetsa zisudzo m'gulu la Luscombe Searelle. Ntchito ya m'zisudzoyi njosayenera kuiŵalika poyang'ana zithunzi zake. Munthu amene adazoloŵera kukonza bwalo kuti oonera aone zokhazo zimene akufuna kuŵaonetsa sasiya chizoloŵezicho akagwira kamera.

Nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu itabuka m'chaka cha 1899, Elliott adathaŵa ku Johannesburg monga adachitira alendo ena ambiri, ndipo m'chaka cha 1900 adali ku Cape Town wopanda ntchito. Mnzake wina adampatsa kamera yaing'ono. Pa bwalo la Green Point padali msasa wa Mabunu ogwidwa pa nkhondo, ndipo mzinda wonse udadzaza ndi asilikali a ku Britain. Anthu a magulu onse aŵiriŵa adali kutali ndi kwawo ndipo ankafuna chithunzi choti atumize kwa abale. Amenewo ndiwo adali ogula ake oyamba. Pambuyo pake adakhazikika pa nambala 134 mu msewu wa Long Street, ndipo ntchito yojambula sadaisiyenso mpaka imfa yake.

Pofuna kumvetsa chimene ankagulitsa, ndi bwino kufotokoza m'mene chithunzi chinkabadwira masiku amenewo. Wojambula wa mtundu wa Elliott sankagwiritsa ntchito filimu yokulunga koma magalasi opyapyala, opakidwa mbali imodzi ndi utoto wa mankhwala a siliva amene amasintha akaona kuŵala. Magalasi ouma otereŵa adayamba ndi nzeru za Richard Maddox m'chaka cha 1871, ndipo pofika 1900 ankagulidwa m'mabokosi okonzeratu. Kamera inkakhazikidwa pa miyendo itatu. Wojambula ankafunda nsalu yakuda kumutu nayang'ana chithunzi cha nyumbayo chitazondoka pa galasi la kumbuyo, nasendeza diso la kamera mpaka makoma ataima chilili. Kenaka ankaloŵetsa galasi la mankhwala lija, natsegula diso kwa kanthaŵi. Galasi limodzi linkatenga chithunzi chimodzi chokha, ndipo bokosi la magalasi nlolemera. Kotero munthu wopita ku Stellenbosch, ku Paarl kapena ku Tulbagh ankayenera kuganiza kaŵiri asanajambule, ndipo nthaŵi zina ankadikira maola angapo kuti dzuŵa lifike pamene likuonetsa bwino zokongoletsa za pa khoma.

Ntchito yeniyeni inkayamba atabwerera kunyumba. M'chipinda cha mdima, mounikidwa ndi nyale yofiira yokha, galasi linkaviikidwa m'mbale ya mankhwala oyamba mpaka chithunzi chitatuluka chotembenuka, zoyera zili zakuda ndi zakuda zili zoyera. Imeneyi ndiyo negetivu. Kenaka linkaloŵa m'mankhwala achiŵiri, otchedwa hypo, amene amasungunula siliva yense wosakhudzidwa ndi kuŵala kuti chithunzicho chisapitirire kuda, ndipo potsiriza linkatsukidwa nthaŵi yaitali m'madzi oyenda. Wojambula waulesi amene ankafupikitsa kutsukako ankaona zithunzi zake zikusanduka zachikasu patapita zaka zoŵerengeka. Negetivu ikauma, ankaisanjika pa pepala la mankhwala kuti kuŵala kudutse, kapena ankaikuza ndi makina ounikira, ndipo pepalalo nalonso linkadutsa m'mbale zomwe zija. Apa mpamene dzanja la mmisiri linkaonekera. Ankatha kuphimba mbali ina ya pepala ndi chikhatho kuti isade kwambiri, kuonjezera kuŵala pa mitambo kuti ioneke yolemera, kapena kukonza chilema pa negetivu ndi pensulo. Chifukwa cha ichi, mapepala aŵiri ochokera ku galasi limodzi sankafanana kotheratu.

Woŵerenga wa magazini ino sangadutse pa ntchito imeneyi osaima pa mawu amene ziyankhulo zidasankha poitchula. Chicheŵa chili ndi aneni atatu oyeretsa ndi madzi: munthu amasamba m'thupi, amachapa zovala, ndipo amatsuka mbale ndi zinthu zina zolimba. Pa chithunzi chidasankha kutsuka, ndipo chidasankha bwino, pakuti ntchito yonse inkachitikira m'mbale ndipo inkathera pa madzi. Chochititsa chidwi nchakuti mneniyu sadafe pamodzi ndi chipinda cha mdima. Munthu wa ku Lilongwe kapena ku Chipata amene watenga zithunzi za m'foni yake kupita nazo ku sitolo amanenabe kuti akukatsukitsa zithunzi, ngakhale makina osindikizirawo sakhudza dontho la madzi. Dzina lakuti chithunzi nalonso lili ndi mbiri yake. Tsinde lake ndi lomwe lili mu mthunzi ndi chithunzithunzi, ndipo mphatikiram'mbuyo wa gulu la Chi-Zi ndi amene adalisandutsa chinthu chogwirika. Chizulu ndi Chixhosa zili ndi tsinde lomweli mu umthunzi ndi isithunzi, koma kumeneko isithunzi lidaloŵera ku tanthauzo la ulemu kapena ulemerero wa munthu, ndipo chithunzi cha pa pepala amachitcha isithombe m'Chizulu, umfanekiso kapena ifoto m'Chixhosa. Chishona chidatsata njira ya kufanana ndi mawu akuti mufananidzo, monga chifanizo cha m'Chicheŵa, pamene Chiswahili chidangobwereka picha. Wojambula wa ku South Africa Santu Mofokeng, amene adamwalira m'chaka cha 2020, adamanga mbali yaikulu ya ntchito yake pa mawu a Chisotho akuti seriti, amene amagwirizanitsa mthunzi wa munthu ndi mphamvu yake yosaoneka. Kufanana kumeneku kukuyenera kafukufuku wapayekha.

Elliott adafika ku Cape Town pa nthaŵi imene Azungu ena a mumzindamo adayamba kudera nkhaŵa nyumba zakale za Adatchi. Zambiri zinkagwetsedwa kuti pamangidwe masitolo, zina zinkachotsedwa udzu nkufoleredwa ndi malata, ndipo zina zinkapsa. Womanga nyumba Herbert Baker adali atayamba kale kutsanzira kamangidwe kakaleko, makamaka pomanganso Groote Schuur itapsa m'chaka cha 1896. Nkhondo itatha, kamangidweka kadapeza ntchito ya ndale. Angerezi ndi Mabunu ankafunafuna chinthu chimene onse akadachitcha chawo, ndipo nyumba yoyera ya khoma lokhotakhota pamwamba pa khomo, yozingidwa ndi minda ya mphesa, idakhala chizindikiro cha mtundu watsopano wa Azungu umene udabadwa ndi chigwirizano cha zigawo zinayi m'chaka cha 1910. Elliott, mlendo amene sadali Mngerezi kapena Mbunu, adaona msika umenewu msanga, ndipo palibe chifukwa chokayikira kuti nyumbazo adazikondadi. Adayenda m'mafamu ndi m'matauni a kumadzulo kwa Cape chaka ndi chaka, akujambula makomo, mazenera, zitseko, mipando, mabelu ndi manda. Adajambulanso zojambula zakale za pamanja, mapu ndi makalata, kotero kuti gawo lina la nkhokwe yake ndi zithunzi za zithunzi zina.

Njira yake yaikulu yodziŵikira kwa ogula idali zionetsero. Adachititsa zisanu zikuluzikulu ku Cape Town, m'zaka za 1910, 1913, 1926, 1930 ndi 1938. Cha 1913 chidatchedwa The Story of South Africa Told in 800 Pictures, ndipo wolemba mbiri George McCall Theal adathandiza pa mawu ofotokoza zithunzizo. Cha 1930 chidali ndi zithunzi 1,100, ndipo mawu ake adakonza ndi W. R. Morrison. Chotsiriza, The Cape, Quaint and Beautiful, chidachitika m'chaka chomwe adamwalira. Maina ameneŵa akuulula cholinga chake. Elliott sankapachika chithunzi chimodzi pa khoma lalikulu kuti anthu achisirire monga amachitira ogulitsa zaluso masiku ano. Ankandandalika mazanamazana kuti zifotokoze mbiri ya dziko kuyambira pa kufika kwa Apwitikizi ndi Adatchi. Dzina la Theal pa ntchito yotere likuuza katswiri wa lero mtundu wa mbiri imene inkafotokozedwa, pakuti Theal ndi mmodzi mwa amene adalimbikitsa ganizo, limene akatswiri ofukula zakale adalitsutsa kotheratu, lakuti anthu oyankhula ziyankhulo za Chibantu adafika kumwera kwa Africa mochedwa, pafupifupi nthaŵi imodzi ndi Azungu.

Ogula ake adali eni mafamu ofuna chithunzi cha nyumba ya makolo awo, omanga nyumba, alendo odzaona malo, masukulu, ndiponso olemba mabuku monga Dorothea Fairbridge, amene buku lake la 1922 lonena za nyumba zakale za ku South Africa lili ndi zithunzi za Elliott. Onseŵa ankagula chimene chili m'chithunzimo, osati chithunzicho. Mwini famu ankafuna khomo la agogo ake; dzina la amene adatsuka pepalalo lidalibe kanthu kwa iye. Ndipo popeza galasi limodzi limatha kubala mapepala ochuluka monga m'mene ogula angafunire, panalibe chifukwa chokwezera mtengo. Vuto lina lidabadwa m'chaka chomwe Elliott adagwira kamera koyamba: m'chaka cha 1900 kampani ya Kodak idatulutsa kamera yotchedwa Brownie pa mtengo wa dola imodzi, ndipo kuyambira pamenepo mlendo aliyense ankatha kudzijambulira yekha. Mapositikhadi otchipa osindikizidwa ndi makina nawonso adadzaza m'masitolo. Mmisiri amene ankathera usiku m'chipinda cha mdima ankapikisana ndi anthu amene sankadziŵa ngakhale dzina la mankhwala amodzi. Ojambula a masiku ano amene amadandaula ndi mafoni a m'manja akudandaula dandaulo la zaka zoposa 120.

Elliott sadalemere nayo ntchitoyi. Pa ichi akufanana kwambiri ndi Eugène Atget wa ku Paris (1857–1927), amene nayenso adayamba ndi ntchito za m'sitima ndi za zisudzo, nathera zaka zake zotsala akujambula misewu yakale ya mzinda wake ndi kamera ya magalasi. Atget ankagulitsa zithunzi zake motchipa kwa amisiri ndi kwa nyumba zosungira mabuku, ndipo m'chaka cha 1920 adagulitsa magalasi oposa 2,600 ku boma la France. Otsalawo adapulumutsidwa ndi Berenice Abbott, ndipo Museum of Modern Art ya ku New York idaŵagula m'chaka cha 1968. Kusiyana kwa anthu aŵiriŵa nkwakuti Atget adapeza omulengeza kuti ndi mmisiri wa zaluso, pamene Elliott adatsala m'manja mwa akatswiri a mbiri. Ena anganene kuti kumeneku kudali kusoŵa mwaŵi chabe. Koma chilungamo chake nchakuti zithunzi za Atget zili ndi chinsinsi chimene za Elliott zilibe. Atget ankalola msewu kukhala m'mene adaupezera. Elliott ankakonza bwalo: ankapeŵa zinthu zamakono zimene zikadaononga chikale cha malowo, ndipo nthaŵi zina ankaimika munthu pa khomo kapena pa chitsime kuti chithunzi chikome.

Apa mpamene katswiri wa ziyankhulo ayenera kuchenjera. Nyumba zimene Elliott adazitchukitsa zidamangidwa, kwakukulukulu, ndi manja a akapolo. Wolemba mbiri Robert Shell adaŵerengera kuti akapolo pafupifupi 63,000 adatsitsidwa ku Cape pakati pa 1652 ndi 1808, kuchokera ku India, ku zilumba za Indonesia, ku Madagascar ndi ku Africa, ndipo m'zaka zotsiriza za malondawo ambiri ankachokera ku Mozambique. Sitima ya São José, imene idasweka pafupi ndi gombe la Clifton m'mwezi wa Disembala 1794 ndi kupha akapolo oposa 200, idanyamuka pa chilumba cha Mozambique; zotsalira zake zidalengezedwa m'chaka cha 2015. Anthu otere, amene ku Cape adapatsidwa dzina lakuti Masbieker, ankayankhula Chimakua, Chisena ndi ziyankhulo zina za m'chigwa cha Zambezi ndi kumtunda kwake. Ukapolo udathetsedwa pa 1 Disembala 1834, ndipo akapolowo adamasukadi m'chaka cha 1838. Pamene Elliott ankajambula mabelu oitanira akapolo ku ntchito, ana ndi adzukulu a anthu amenewo adali moyo m'mafamu omwewo. Belu lidaloŵa m'chionetsero ngati chokongoletsa cha famu.

Sikuti adaŵapeŵeratu anthu osakhala Azungu. M'nkhokwe yake muli asodzi, ogulitsa malonda m'misewu, amayi ochapa zovala ndi anthu a ku Bo-Kaap. Koma kaŵirikaŵiri anthuŵa amaoneka ngati oimira mtundu kapena ntchito, ndipo mawu a pansi pa chithunzi amatchula dzina la nyumba kapena la msewu, osati la munthu. Akatswiri a ziyankhulo amalidziŵa bwino vuto limeneli, chifukwa ndi lawo lomwe. Mindandanda yambiri ya mawu ya m'zaka za m'ma 1800 idalembedwa popanda kutchula amene adapereka mawuwo. Sigismund Koelle, m'buku lake la Polyglotta Africana la 1854, adachita bwino polemba maina ndi mbiri zazifupi za omuthandiza, ndipo nchifukwa chake lero kukudziŵika kuti mawu a Chimaravi a m'bukumo adachokera kwa munthu wotchedwa Mateke, amene adamasulidwa ku ukapolo nakakhala ku Sierra Leone. Ku Cape Town komweko Wilhelm Bleek, amene adakhazikitsa dzina lakuti Bantu m'maphunziro a ziyankhulo ndipo adafalitsa mawu a ku Tete, ku Sena ndi a Amaravi m'buku la 1856 kuchokera m'zolemba za Wilhelm Peters, adayang'anira kujambulidwa kwa akaidi a ku ndende ya Breakwater m'chaka cha 1871 pofuna kukwaniritsa pempho la Thomas Huxley. Zithunzi zimenezo nzochititsa manyazi, pakuti anthu adajambulidwa atavulidwa, ataima pafupi ndi ndodo yoyezera. Komabe Bleek yemweyo ndi mlamu wake Lucy Lloyd adasunga maina a aphunzitsi awo a chiyankhulo cha ǀXam, ndipo lero ǁKabbo ndi Dia!kwain amatchulidwa ngati eni nkhani. Chithunzi chopanda dzina ndi mndandanda wa mawu wopanda dzina zili ndi chilema chimodzi: sizingabwezedwe kwa eni ake.

Cape Town ya nthaŵi ya Elliott idali ndi mbiri ina imene zionetsero zake sizidamangidwe pa iyo. M'chaka cha 1901, mliri wa makoswe utagwa, boma lidasamutsa anthu akuda zikwi zingapo, ambiri a iwo oyankhula Chixhosa, kuŵachotsa mumzinda kupita ku Uitvlugt, kumene kudatchedwa Ndabeni. Langa adatsegulidwa m'chaka cha 1927. Anthu a ku Nyasaland nawonso adalipo. Elliot Kamwana adakaphunzira kwa Joseph Booth ku Cape Town m'chaka cha 1907 asanabwerere kwawo ku Utonga, ndipo Clements Kadalie wa ku Chifira, wophunzira wa ku Livingstonia, adafika mumzindamo m'chaka cha 1918, nayambitsa bungwe la antchito la ICU m'mwezi wa Januwale 1919, limene lidaimitsa ntchito pa doko m'mwezi wa Disembala chaka chomwecho. Kuchoka pa doko kufika ku Long Street ndi ulendo wa miyendo. M'chaka cha 1921 yunivesite ya Cape Town idatsegula sukulu yophunzitsa za moyo ndi ziyankhulo za anthu a mu Africa. Wojambula amene adagwira ntchito ndi akatswiri a mtundu umenewo sadali Elliott koma Alfred Duggan-Cronin wa ku Kimberley (1874–1954), amene mabuku ake a The Bantu Tribes of South Africa adatuluka pakati pa 1928 ndi 1954 ali ndi mawu otsogolera olembedwa ndi anthu monga G. P. Lestrade ndi Isaac Schapera. Koma nayenso Duggan-Cronin ankafunafuna chikale, ndipo ankakonda kujambula anthu atavala zamakolo ngakhale pamene ambiri adali atayamba kale kugwira ntchito m'migodi. Ojambula onse aŵiri ankagulitsa dziko limene ogula ankaopa kuti likutha, ndipo dziko limene linkabadwa pamaso pawo lidalibe wolilipira.

Elliott adamwalira ku Cape Town pa 20 Novembala 1938. Atamwalira, boma lidagula nkhokwe yake kudzera m'bungwe loteteza zinthu zakale, ndipo idasungidwa m'nyumba ya zolembedwa zakale ya ku Cape. Phindu lake lidakula m'mene nyumba zinkatha. Zambiri zimene adajambula kulibenso, ndipo okonzanso nyumba zakale amayamba afufuza m'zithunzi zake asanagwire njerwa. Chivomezi chitagwedeza Tulbagh pa 29 Seputembala 1969, msewu wa Church Street udakonzedwanso motsogozedwa ndi Gawie Fagan, ndipo zithunzi zakale zidali pakati pa umboni umene udaonetsa m'mene nyumbazo zinkaonekera zisanasinthidwe. M'chaka chomwecho Hans Fransen adafalitsa buku la zithunzi za Elliott, ndipo adafalitsanso lina m'chaka cha 1993. Ntchito yojambula malo asanagwetsedwe idapezanso ena oitenga, koma ataitembenuza. Boma la tsankho litalengeza pa 11 Febuluwale 1966 kuti District Six ndi dera la Azungu okha, George Hallett (1942–2020), mwana wa ku Cape komweko, adayenda m'misewu yake akujambula anthu okhalamo nyumba zawo zisanagumulidwe.

Msika umene Elliott adausoŵa udabwera iye atapita. Museum of Modern Art idakhazikitsa nthambi ya zithunzi m'chaka cha 1940, patangopita zaka ziŵiri chimwalirire iye. Kampani ya Sotheby's idayamba kugulitsa zithunzi pa okushoni ku London m'chaka cha 1971, ndi ku New York m'chaka cha 1975. Ogula atsopanoŵa adabwera ndi malamulo awo, amene ali otsutsana ndi zonse zimene Elliott ankachita. Amasiyanitsa pepala lotsukidwa ndi mwini wake pafupi ndi nthaŵi imene adajambula, limene ndilo la mtengo wapatali, ndi pepala lotsukidwa pambuyo pake kapena ndi munthu wina. Amafuna siginecha kapena chidindo kumbuyo, amafuna mbiri ya manja onse amene pepalalo lidadutsamo, ndipo kwa wojambula wamoyo amafuna lonjezo lakuti sadzatsuka mapepala opitirira chiŵerengero chimene adalengeza. Kunena kwina, chinthu chimene mwa chibadwa chake chimachulukana amachisandutsa chosoŵa mwadala. M'chaka cha 2006 pepala limodzi la Edward Steichen la 1904 lidagulidwa pa madola 2.9 miliyoni, ndipo m'chaka cha 2022 la Man Ray la 1924 lidafika pa madola 12.4 miliyoni.

Kufala kwa makamera a digito kudagwetsa makampani opanga filimu ndi mapepala. Ilford idagwa m'mavuto a zachuma m'chaka cha 2004 ndipo idapulumutsidwa ndi akuluakulu ake chaka chotsatira. AgfaPhoto idagwa m'chaka cha 2005. Kodak yeniyeniyo, imene Brownie yake idasautsa amisiri a nthaŵi ya Elliott, idapempha chitetezo ku khoti chifukwa cha ngongole m'chaka cha 2012. Koma kugwa kumeneku sikudaphe chipinda cha mdima. Kudangochichotsa m'gulu la ntchito wamba nkuchiika m'gulu la umisiri, pafupi ndi kusema ndi kuumba. Ku Cape Town lero kuli nyumba zogulitsiramo zaluso, kuli okushoni za kampani monga Strauss & Co, kuli chionetsero cha zaluso cha chaka ndi chaka chimene chidayamba m'chaka cha 2013, ndiponso nyumba ya Zeitz MOCAA imene idatsegulidwa pa doko m'chaka cha 2017. Wojambula amene amatsukabe pamanja akagulitsa pepala lake m'malo otere, chimene wogula amalipira ndi chimene ogula a Elliott sankachiona nkomwe: siliva wa m'pepalalo, kuya kwa mdima wake, ndi kusiyana pang'ono kumene dzanja lidasiya pakati pa pepala ili ndi linzake.

Kwa wofufuza, zinthu zidayenda mwa njira ina. Zithunzi za Elliott zafala m'mabuku ndi pa intaneti, kaŵirikaŵiri zitadulidwa m'mbali, zopanda nambala yake ya E, ndipo nthaŵi zina zili ndi mawu ofotokoza amene wina adangodzilembera. Makope otereŵa amathandiza kusunga chithunzi ngozi itagwa, monga adaphunzirira onse amene adaona moto ukunyeketsa laibulale ya Jagger pa yunivesite ya Cape Town pa 18 Epulo 2021. Koma kope la pa kompyuta silionetsa kumbuyo kwa pepala kumene kumakhala zolemba za pensulo, ndipo silionetsa m'mphepete mwa negetivu, m'mene mumatsala zinthu zimene wojambula adazidula potsuka: munthu woima pambali, chikwangwani cha sitolo, mawu olembedwa pa khoma. Amene akufuna kuona zimenezo amapita ku Roeland Street, kuseri kwa mpanda wa ndende yakale imene nyumba ya zolembedwa zakaleyo idamangidwa pa malo ake, nakapempha chithunzicho potchula nambala yake.